Ming'alu ya Pansi pa Simenti ndi Kapewedwe Kake

Chilimwe ndiyo nyengo yomanga. Dzinthu zikalowa m'nkhokwe, anthu a m'midzi yambiri aumba njerwa, atuta mchenga kumtsinje, naswa miyala, kuti amange chipinda cha sukulu, nyumba ya mphunzitsi, tchalitchi kapena bwalo loyanikapo mpunga. Njerwa ndi mchenga zingofuna mphamvu za manja, koma simenti afuna ndalama, ndipo ndalamazo zisonkhedwa movutikira, khomo ndi khomo.

Tsono chowawa mtima ndi ichi. Pansi pathiridwa bwino, pasalala, anthu akondwera. Isanathe miyezi itatu mng'alu wayamba pakhomo, wayenda mokhotakhota kufikira kukhoma la kuseri. Pomwepo mlandu ugwera mmisiri. Ena ati anaba simenti, ena ati sadziwa ntchito, ndipo a komiti amene anasunga ndalama ayamba kulozedwa chala. Nthawi zina mmisiri alakwadi. Koma kawirikawiri simenti anakwana, ndipo chimene chinasowa ndi mizere ndi mipata imene amisiri aitcha majointi, imene kuiika kwake sikufuna ndi thumba limodzi lomwe loonjezera.

Mng'alu si chinthu chongonyansa m'maso. Chiswe chikwera pamenepo kukadya mabuku, madesiki ndi zitseko, pakuti mng'alu wosakwana mamilimita awiri uchikwanira. Fumbi launjikamo ndi malo a matekenya. M'nyumba yosungira mbewu, chimanga chogwera m'ming'alu chisunga anankafumbwe kufikira zokolola za chaka chamawa. Panja, madzi a mvula alowa nafewetsa dothi la pansi, ndipo silabu iyamba kutitimira ndi kubenthuka m'mbali.

Konkire siikhala chete

Konkire ndi msanganizo wa simenti, mchenga, miyala yoswa ndi madzi. Simenti apangidwa pootcha miyala ya laimu pamodzi ndi dongo pa moto waukulu koposa, ndi kupera zotulukazo. Dzina la Portland lolembedwa pa matumba ambiri linachokera kwa Joseph Aspdin, womanga nyumba wa ku Leeds ku England, amene analembetsa simenti wake kuboma m'chaka cha 1824. M'dziko muno miyala ya simenti inkakumbidwa kale ku Changalume, pafupi ndi Zomba. Masiku ano ikumbidwa m'maboma a Kasungu ndi Mangochi.

Anthu ambiri ayesa kuti konkire ilimba chifukwa cha kuuma, monga dothi lozira nalo nyumba. Si tero ayi. Ilimba chifukwa simenti amwa madzi nasanduka mwala, ndipo ntchito imeneyi ipitirira masiku ambiri. Akatswiri ayesa mphamvu ya konkire itatha masiku 28. Koma madzi amene athiridwa posakaniza aposa amene simenti angathe kumwa, pakuti popanda madzi oonjezerawo konkire siikanatheka kuyalidwa. Madzi otsalawo atuluka pang'onopang'ono, ndipo potuluka konkire ifupika.

Aliyense anaona matope a m'dambo m'mwezi wa October, atang'ambika zigawozigawo. Zimene zichitika m'konkire ndi zomwezo, kungoti kufupika kwake n'kochepa: ngati theka la milimita pa mita iliyonse. Silabu ya mamita 9 ifupika ndi mamilimita 4 kapena 5. Kufupikaku sikutha sabata imodzi. Kupitirira miyezi yambiri, ngakhale chaka.

Wina angafunse kuti, mamilimita 5 okha angang'ambe bwanji chinthu cholimba chotere? Yankho lake lili m'chibadwa cha konkire. Ili ndi mphamvu yaikulu poipsinja, koma poikoka ndi yofooka. Mphamvu yake yokana kukokedwa ndi ngati limodzi la magawo khumi a mphamvu yake yosenza katundu. Silabu ikafuna kufupika, dothi la pansi liigwira, makoma aigwira, mizati iigwira. Motero ikokedwa uku ndi uku monga nsalu yakale, ndipo ing'ambika pamene pali pofooka.

Dzuwa nalonso lili ndi mbali yake. Konkire ikatentha italika, ikazizira ifupika. Silabu ya mamita 10 isintha ndi mamilimita 3 pamene kutentha kwake kwasintha ndi madigiri 30. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene kutentha kwa mpweya kupitirira madigiri 40 mvula isanagwe, bwalo la simenti limene siliponderezeka ndi phazi masana lizizira ndithu m'bandakucha, ndipo kusintha kotere kuchitika tsiku ndi tsiku. Chifukwa cha chomwechi zitsulo za njanji zolumikizidwa ndi mabawuti zisiyidwa ndi kampata pakati.

Palibe mmisiri, ngakhale wa ku tauni wokhala ndi makina, amene angaletse konkire kufupika. Chimene angathe ndi kusankha pamene ing'ambikire, ndi kuipatsa malo oyendamo. Ngakhale khoma la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, lomangidwa kuyambira 1955 kufikira 1959, silinathiridwe lonse pamodzi, koma zigawozigawo.

Mzere wotsogolera mng'alu

Munthu akafuna kugawa nzimbe, ayamba wailemba ndi mpeni, kenaka aithyola pa bondo, ndipo ithyoka pomwe analemba. Jointi yoyamba igwira ntchito motero. Mmisiri adula mzere woongoka pamwamba pa silabu kuti pakhale pofooka. Konkire ikayamba kufupika ing'ambikira pansi pa mzerewo, mobisika, ndipo pamwamba paoneka mzere woongoka wokha. Mng'alu wa pansiwo uli wa manomano, miyala ya mbali iyi ilumana ndi ya mbali inayo, kotero kuti chigawo chimodzi sichitsika kusiya chinzake.

Pali zinthu zitatu zoti mmisiri adziwe: kutalikirana kwa mizere, kuya kwake, ndi nthawi yoidula.

Kutalikirana kuyendera kuchindikala kwa silabu. Lamulo lake ndi lakuti kuchindikalako kuchulukitsidwe ndi 24 kufikira 30. Silabu ya masentimita 10, ndiyo mainchesi 4, imene ili yokwanira m'chipinda cha sukulu, ifuna mzere pa mamita awiri ndi theka kapena atatu alionse. Ya masentimita 7 ndi theka ifuna mzere pa mamita awiri. Ngakhale silabu ichindikale bwanji, ngati ilibe zitsulo zambiri mizere isatalikirane kupitirira mamita 4 ndi theka. Kuyandikizitsa mizere sikuononga kanthu. Kuitalikitsa ndiko kuononga.

Chipinda cha mamita 9 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, chothiridwa masentimita 10, chifuna mzere umodzi wotsata m'litali pakati penipeni, ndi iwiri yopingasa. Motero pakhala zigawo 6, chilichonse mamita 3 mbali zonse. Zigawo zofanana mbali zonse ndizo zabwino. Chigawo chachitali chopyapyala chithyoka pakati, chifukwa chake mbali yaitali isapose yaifupi kupitirira kamodzi ndi theka. Apa ndi pamene makonde ambiri aonongekera. Khonde la mita imodzi ndi theka m'lifupi lithiridwa mamita 20 osadula, ndipo chaka chisanathe ladzidulira lokha ming'alu yake. Khonde lotere lifuna mzere pa mamita awiri alionse. Kanjira ka mita imodzi kafuna mzere pa mita imodzi ndi theka.

Ngodya yolowa m'kati iyenera kuyang'aniridwa koposa. Pamene silabu ikhota monga chilembo cha L, pamene izungulira ngodya ya khoma kapena ya sitepe, ndi pakhomo pamene chipinda chikomana ndi khonde, mng'alu uyamba pamenepo pafupifupi nthawi zonse. Chifukwa chake mizere iyenera kukonzedwa kuti ichokere pa ngodya zimenezi, ndipo pakhomo lililonse pakhale mzere wopingasa. Ndi bwino kujambula zonsezi pa pepala, ndi kulemba zizindikiro pa makoma, simenti asanatsegulidwe. Konkire ikakhala m'wilibala palibe nthawi yoganiza.

Kuya kwa mzere kukhale limodzi la magawo anayi a kuchindikala kwa silabu: masentimita awiri ndi theka, ndiyo inchesi imodzi, pa silabu ya masentimita 10. Amisiri ambiri alemba timizere tokongola ndi nsonga ya msomali kapena pomenya chingwe pa simenti wamuwisi. Timizere totere n'tokometsera chabe. Konkire siitiona n'komwe, ndipo mng'alu uyenda pambali pake monga palibe kanthu.

Kumudzi njira yapafupi ndi kudula konkire ikali yofewa. Madzi oyandama pamwamba akaphwa, ndipo chala chikasiya kachizindikiro kosazama, mmisiri agoneka thabwa loongoka potsata zizindikiro zija, natenga chitsulo chaphanthiphanthi chochindikala ngati mamilimita 5, nachilowetsa m'mbali mwa thabwalo kufikira kuya koyenera, akukankhira miyala pambali. Ena akwirira kachitsulo kapena kathabwa kopyapyala kopakidwa oilo, nakazula patapita maola awiri kapena atatu. Milomo ya mzere iyenera kusalazidwa kuti ikhale yobulungira pang'ono, pakuti mlomo wakuthwa ubenthuka msanga.

Kumene kuli makina odulira, mzere udulidwa konkire italimba pang'ono, pakati pa maola 6 ndi 18 chiithirireni, ndipo tsiku lathunthu lisapite. Kudula msanga kwambiri kuzula miyala. Kuchedwa kupeza mng'alu utayamba kale m'kati, ndipo mzerewo ukhala wopanda ntchito. Nyengo yotentha nthawiyi ifupika. Konkire yothiridwa m'mawa mwa tsiku la October isadikire kufikira mawa lake.

Pali zinthu zinanso ziwiri zimene zipha mzere. Choyamba ndi waya wolukana amene ena aika m'silabu. Wayayu saletsa ming'alu, koma aigwira kuti isakule, ndipo agwira ntchito pokhapokha ali cha kumtunda kwa silabu, osati atagona pa dothi monga apezeka kawirikawiri. Akapitirira pansi pa mzere amanga zigawo ziwirizo pamodzi, ndipo mng'alu ukatulukira kwina. Chifukwa chake adulidwe masentimita 5 asanafike pa mzere, mbali zonse ziwiri. Chachiwiri ndi simenti wosalaza amene athiridwa pamwamba pambuyo pake, uja asakanizidwa ndi utoto wofiira. Mzere uliwonse wa pansi uyenera kutulukira pamwamba, pamalo pomwepo. Ukakwiriridwa, pamwambapo pang'ambika mokhotakhota potsata mzere wobisikawo.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zonsezi popanda kugula kanthu. Dongo lofewa lipakidwe pa matabwa awiri, kuchindikala ngati chala. Pa thabwa limodzi palembedwe mizere yozama ndi mpeni, linalo lisiyidwe, ndipo onse awiri aikidwe padzuwa. Pofika madzulo ana adzaona okha kumene ming'alu yapita. Kuwerengera mizere ya chipinda chawo chomwe ndi samu yabwinonso ya ana a makalasi apamwamba.

Mpata wolekanitsa

Khoma lili pa maziko ake ozama, silabu igona pa dothi la pamwamba, ndipo ziwirizi siziyenda pamodzi. Zikamatirirana, khoma ligwira silabu pofupika. Chifukwa chake paliponse pamene silabu ikomana ndi khoma, mzati, sitepe, paipi kapena silabu yakale, pasiyidwe mpata wa sentimita imodzi, wochokera pamwamba kufikira pansi penipeni. Mpata umenewu usiyana ndi mzere uja, pakuti uwu ulekanitsa kotheratu, ndipo palibe chitsulo kapena konkire yololedwa kuoloka.

Mu mpatamo muikidwa chinthu chofewa chimene chifinyika ndi kubwerera, konkire isanathiridwe. M'masitolo a zomangira mupezeka timatabwa tofewa tonyikidwa m'phula, ndi zina zonga siponji. Zoyera zopepuka zija zibwera m'makatoni a mawailesi zigwiranso ntchito zikadulidwa bwino. Thabwa wamba lisasiyidwemo, pakuti silifinyika, ndiponso ndi chakudya cha chiswe choikidwa pa njira yake yomwe. M'chipinda chaching'ono, kumene silabu ingofupika osatalika kwenikweni, pepala lochindikala la pulasitiki lopindidwa kawiri, kapena phula lopakidwa kukhoma, likwanira kuletsa kumatirirana.

Mzati woima pakati pa silabu uzunguliridwe ndi mpata mbali zonse, ndipo mizere ikomane pa mzatiwo. Pa bwalo lalikulu la padzuwa, monga loyanikapo mpunga kapena khofi, mpata wotere ufunika makamaka pamene bwalolo ligunda nyumba kapena ngalande, kuti potalika masana lisakankhe khoma.

Polekezera ntchito ya tsiku

Anthu osakaniza ndi mafosholo sangathe kutsiriza bwalo lalikulu tsiku limodzi. Cholakwa chofala ndi kuleka paliponse pamene dzuwa lalowera kapena simenti wathera, konkire ikutsetsereka ngati phiri, ndi kudzapitiriza mawa pamwamba pake. Konkire yatsopano siigwirana bwino ndi yadzulo, ndipo mlomo wopyapyalawo usweka msanga.

Polekezera payenera kusankhidwa kale, ndipo pakhale pamene panayenera kukhala mzere. Paimikidwe thabwa loongoka, lokhomedwa zolimba ndi zikhomo, ndipo konkire itsinyiridwe bwino kufikira m'thabwamo kuti mbali yake ikhale yoima chilili. M'mawa thabwa lichotsedwa, mbaliyo ipakidwa phula kapena oilo wakutha, ndi kuthira chigawo china. Mvula ikadzidzimutsa anthu, kapena pakakhala kuima kopitirira theka la ola, thabwa liimikidwe pomwepo, ndipo konkire yotsala kunja kwake ichotsedwe.

Mbali yosalala yotere ilibe mano olumana. Pamene payenda anthu okha palibe vuto ngati dothi la pansi latsinyiridwa bwino. Koma pamene padzapita ngolo, thirakitala kapena galimoto yodzatenga matumba, silabu ikhale ya masentimita 15, ndipo zigawo zilumikizidwe ndi zitsulo zobulungira zosalala, za mamilimita 20, zotalika masentimita 40, chimodzi pa masentimita 30 alionse, pakati penipeni pa kuchindikala kwa silabu. Theka la chitsulo chilichonse lipakidwa girisi kuti lithe kutsetsereka. Motero zigawo zisenzana katundu koma zili ndi ufulu wofupika. Zitsulozi zigone moongoka ndi mofanana zonse. Chimodzi chikapendama chimanga jointi yonse, ndipo kukhala bwino kukadapanda zitsulo. Zitsulo zamizeremizere zomangira nyumba siziyenera pa ntchito iyi, pakuti zigwira konkire mbali zonse ziwiri.

Kale amisiri ankaphunzitsidwa kuthira zigawo modumphadumpha, monga nyumba za pa bolodi la drafuti, ndi kudzadzaza zotsalazo patapita masiku awiri, poganiza kuti zoyambazo zikhala zitafupika kale. Tsopano zadziwika kuti phindu lake n'lochepa, popeza kufupika kutenga miyezi. Njira yabwino ndi kuthira mindandanda yaitali, mamita atatu m'lifupi, ndi kuidula mizere yopingasa.

Kutseka majointi

Jointi yosiyidwa yotseguka ilowa madzi, chiswe ndi timiyala. Timiyalato tigweramo usiku pamene mpata wakula, ndipo masana silabu ikatalika tipanikizika ndi kubenthula milomo. Komanso jointi yotsekedwa ndi simenti yaphedwa. Munthu waukhondo aona mzere, ayesa kuti mmisiri anaiwala, naumata ndi matope a simenti. Pakapita mwezi matopewo asweka, kapena silabu ing'ambika pambali. Chotsekera chiyenera kukhala chinthu chomatirira ndi chotamuka.

Kutseka kusafulumire. Padikiridwe masiku 28, ndipo kudikira miyezi iwiri kapena itatu ndi bwino koposa, kuti kufupika kwambiri kukhale kutachitika. Pa nthawi yodikirayi mu mzere mulowetsedwe chingwe cha khonje kuti zinyalala zisagweremo.

Tsiku lotseka likhale louma, ndipo ntchito ichitike kukali kozizira koma mame atauma. Jointi ikokoledwe ndi kachitsulo, itsukidwe ndi burashi ya waya, ndipo fumbi lonse lipemereredwe kunja. Pampu ya njinga ithandiza. Palibe chotsekera chimene chimatirira pa fumbi kapena pa chinyezi, ndipo kulephera kwambiri kuchokera pamenepa, osati pa mtundu wa chotsekera. Kenaka pansi pa jointi pagonekedwe chingwe chouma, kapena kachingwe ka siponji kogulitsidwira ntchito yomweyi, kusiya malo pamwamba. Chingwechi chisunga chotsekera kuti chisathere pansi, ndiponso chichititsa kuti chimatirire m'mbali ziwiri zokha. Chikamatiriranso pansi sichitha kutamuka, ndipo ching'ambika monga legeni yomangidwa pakati.

Chotsekera chotsika mtengo ndi phula la mseu. Lisungunulidwa pang'onopang'ono m'chitini chouma, ndi kuthiridwa ndi kachitini kopindidwa mlomo, kuya kwake kofanana ndi kukula kwa mpata. Lisadzaze kufikira pamwamba. Patsale mamilimita atatu, pakuti masana mpata ukachepa phula litukumuka, ndipo mapazi alinyamula. Phula lotentha ndi loopsa. Dontho la madzi likagweramo lifufuma ndi kusefukira pamoto, chifukwa chake zitini ndi mchenga uliwonse wosakanizamo zikhale zouma, ndipo ana akhale kutali. Munthu akapsa nalo, pamalopo pathiridwe madzi ozizira kwa nthawi yaitali, phulalo lisamatulidwe, ndipo apite naye kuchipatala.

Phula lili ndi zofooka zake. Lifewa padzuwa, liuma ndi kusweka likakalamba, ndipo palafini ndi dizilo zilisungunula. Pa bwalo loyanikapo mpunga, ufa kapena khofi lingathe kudetsa chakudya ndi kuchipatsa fungo. Pamalo otere, ndiponso m'chipatala ndi m'nyumba zogona, ndi bwino kugula zotsekera za m'machubu, monga polyurethane, zimene zifinyidwa zozizira ndi kuuma ngati labala. Izi zikhale zopyapyala: kuya kwake theka la kukula kwa mpata, koma kosachepera mamilimita 6. Mtengo wake ndi wokwera, koma zikhala zaka zambiri, ndipo chingwe cha pansi chija chithandiza kuti chubu chimodzi chifike patali. Malangizo olembedwa pa chubu awerengedwe, pakuti zina zifuna mankhwala opaka m'mbali poyamba.

Mpata wa m'mbali mwa khoma ndiwo uyenera kutsekedwa mosamala koposa, popeza ndiwo msewu wa chiswe. Chofewa chija chidulidwe sentimita imodzi kuchokera pamwamba, ndipo malowo adzazidwe ndi chotsekera mosasiya ndi kabowo komwe.

Pa mjigo ndi pa thanki

Pamene pali madzi akumwa, mng'alu ndi nkhani ya moyo. Silabu yozungulira mjigo kapena chitsime ndiyo iletsa madzi akuda a pamwamba, odzala ndi matope a kumapazi ndi ndowe za ziweto, kutsikira m'chitsime. Ikang'aluka, matenda otsegula m'mimba ndi kolera apeza njira. Silabu yotere ndi yaing'ono, ndipo iyenera kuthiridwa yonse tsiku limodzi, ndi zitsulo m'kati, popanda jointi pafupi ndi pampu. Majointi akhale pa ngalande yotaya madzi, poyambira pake ndi pa mamita awiri alionse, otsekedwa bwino. M'thanki ya madzi akumwa musalowe phula wamba kapena oilo. Mufunika chotsekera chimene chalembedwa kuti n'choyenera madzi akumwa, ndipo thanki yaikulu ifuna malangizo a anthu a za madzi a ku boma asanayambe kukumba.

Zimene majointi sangathe

Majointi sachiza dothi loipa. Dothi lakuda la pamwamba, la mizu ndi zinyalala, lichotsedwe lonse, ndipo lobwezeramo litsinyidwe pang'onopang'ono, masentimita 10 kapena 15 nthawi imodzi, likuwazidwa madzi. Dothi la makande, lopezeka ku chigwa cha Shire ndi ku Phalombe, lifufuma nthawi ya dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe, ndipo linyamula silabu ndi kuigwetsa chaka ndi chaka. Kumeneko pafunika kukumba mozamirapo, kubwezeramo gelevulo, ndi kupatutsa madzi a padenga kuti asagwere m'mbali mwa silabu. Mchenga wosalazidwa ndi pepala la pulasitiki pansi pa konkire zithandiza silabu kutsetsereka pofupika, ndiponso ziletsa chinyezi kukwera.

Sachizanso konkire yamadzimadzi. Anyamata osakaniza akonda kuthira madzi ambiri kuti fosholo ipepuke, koma madzi akachuluka kufupika kuchulukanso ndipo mphamvu ichepa. Pa muyeso wodziwika wa simenti mmodzi, mchenga iwiri ndi miyala inayi, thumba la makilogalamu 50 lisalandire madzi opitirira chidebe chimodzi ndi theka cha malita 20, ndipo mchenga ukakhala wonyowa achepetsedwe. Mchenga wosakanizika ndi dothi uonjezeranso kufupika.

Palinso timing'alu tatifupi timene tioneka tsiku lomwelo, konkire isanalimbe, pamene dzuwa ndi mphepo ziumitsa pamwamba msanga. Mankhwala ake ndi kuthira m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndi kufunditsa msanga. Silabu iliyonse ifunditsidwe ndi masaka, udzu kapena mchenga, ndi kukhala yonyowa usana ndi usiku masiku 7. Ntchito imeneyi igawidwe kwa anthu mwa maina, chifukwa ikasiyidwa kwa onse madzi athiridwa tsiku loyamba lokha.

Nanga pansi pamene pang'aluka kale? Choyamba ndi kudziwa ngati mng'aluwo ukali kuyenda. Pamatidwe kachigamba kopyapyala ka simenti kopingasa mng'alu, palembedwe tsiku, ndipo paonedwe patapita mwezi umodzi kapena iwiri. Kachigamba kakakhala kamphumphu, mng'alu waima, ndipo ungathe kukuzidwa pang'ono ndi tchizulo, kutsukidwa, kunyowetsedwa ndi kudzazidwa ndi simenti wosakaniza ndi mchenga wosefa. Kakasweka, mng'aluwo wasanduka jointi, ndipo utsekedwe ndi phula kapena chotsekera chotamuka monga majointi ena. Koma mbali imodzi ikatsika kusiya inzake, kapena pakamveka phompho pogogoda ndi ndodo, vuto lili m'dothi. Chigawocho chiyenera kuswedwa, dothi litsinyidwenso, ndipo chatsopanocho chilekanitsidwe ndi chakale.

Chotsekera chilichonse chikalamba. Mwezi wa September kapena October, mvula isanayambe, mphunzitsi wamkulu kapena wa komiti ayende ndi kachitsulo potsata majointi onse, kuzula udzu womera m'menemo, kuyang'ana tinjira ta chiswe m'mbali mwa makoma, ndi kulemba ndi choko pamene phula lamatuka, kuti pathiridwe lina nthaka ikali youma.